Diresi Lofiira la Alamu Anga

Ndimaphunzitsa ku Rufunsa. Chaka chatha ana asukulu anachita sewero lochokera m'nthano zamakedzana za ku Ulaya, momwe mkazi wonyada, wokonda amuna, amadziwika ndi zovala zofiira. Diresi lotere ndinalibe, koma alamu anga a ku Chinyunyu anali nalo, lawo lakutchalitchi.

"Adzavala mfumukazi," ndinawanamiza pobwereka diresilo.

Sindinadziwe kuti abwera kudzaonera, atatenganso anzawo akwaya. Mtsikana wosewera mbali ya mkazi uja atatulukira akunyang'wa m'diresi lija, anthu anafa nalo phwete. Ine ndinabisala kuseri kwa bolodi.

Nditakabweza, alamu analipinda bwinobwino, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Ba ticha, pofuna zovala za mkazi wotere, munaganiza za ine?"

Sanalivalenso. Masiku ano kutchalitchi amavala lotuwa, ndipo ine mpaka lero sindinapepese.