Papa Teryo Sankatha Kukhala Pansi

Bambo anga, Eleuterio Bongalon, amene mudzi wonse unkangowatchula kuti a Teryo, ankadya choimirira. Mama akawapakulira mpunga ndi masamba a koko ophika ndi mkaka wa kokonati, iwo ankanyamula mbale n'kumazungulira nayo nyumba, maso ali kudenga, kufunafuna msomali umene wazuka. Anali kalipentala, makamaka wa madenga. Kwathu kufupi ndi tauni ya Tabaco ntchito imeneyi siitha. Namondwe akapanda kusasula malata, phulusa la phiri lophulika la Mayon limawadyetsa dzimbiri mpaka kubooka.

Sukulu sanapite nayo patali, koma ife ana anayi anatiphunzitsa tonse ndi hamala ndi sowo basi. M'mamawa ankanola sowo, kupachika pensulo pakhutu, n'kukwera njinga bokosi la zida lili kumbuyo. Pobwerako sankalowa m'nyumba chimanjamanja. Tsiku lina nthochi zokazinga, tsiku lina tizidutswa ta matabwa toti tiziseweretsa. Ku misa ankaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, chifukwa akakhala pa benchi ankayamba kuigwedeza kuti amve ngati ndi yolimba, Mama n'kumawatsina.

Tinakula n'kumwazikana. Mchimwene wanga wamkulu, Manoy Pido, anapeza ntchito ya ukalaliki ku Legazpi. Achemwali awiri anapita kunja. Ine Ditas, chitsiriziro, ndinapita ku Manila kukasoka zovala m'fakitale.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi, Papa anachita chizungulire ali pamwamba pa nyumba ya munthu. Anatsika okha, pang'onopang'ono, osauza aliyense, koma mwininyumbayo anakanena kwa Mama. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, kukwera pamwamba kulekeke. Mama anatenga makwerero n'kukawasungitsa kwa alongo awo kutsidya la mtsinje.

Miyezi imene ija panyumba panalibe mtendere. Papa anamasula mipando yonse yosathyoka n'kuimanganso. Khola la nkhumba analiphwasula katatu. Ankatuluka, kufika pamsewu, kubwerera, kutulukanso. Mama ankandiimbira foni kudandaula kuti munthuyu akuwatopetsa ndi maso omwe, ndipo kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva pulena ikupala thabwa limene sankalifuna aliyense.

Cholakwa chinali changa. Nyengo ya mvula itafika, ndinangotchula pafoni mwanthabwala kuti chipinda chimene ndinkachita lendi chikudontha, moti bedi ndimalisuntha malinga ndi kumene mphepo yalowera. Patangopita masiku awiri, ndikutsegula chitseko m'mawa kuti ndizipita kuntchito, ndinawapeza Papa ataima pakhomo. Zida zinali m'thumba la mpunga, kudzanja linalo botolo la mtedza wa pili.

“Papa, Mama akudziwa kuti muli kuno?”

“Akudziwa kuti ndapita kukagula mankhwala.”

“Mankhwala ake a ku Manila?”

“Kodi pakudontha ndi pati?”

Anali atakhala m'basi maola khumi ndi awiri, mapazi atatupa. Ndinawachonderera kuti agone kaye, tikambirana ndikaweruka. Anavomera msanga, ndipo kuvomera msangako kunandisowetsa mtendere tsiku lonse. Kolala imodzi ndinaisoka chagada kawiri.

Nditafika madzulo ndinapeza anthu ataunjikana m'kanjira kathu. Papa anali pamwamba, atabwereka makwerero kwa munthu wokonza magetsi, malata asanu ndi limodzi atachotsa kale. Pansi panali Aling Sabel, mwini wa mdadada wonse wa zipinda zija, akukalipa kuti aitana apolisi, kuti mlimi wa kumudzi sangangobwera n'kumuvula nyumba ngati nkhuku. Papa anabenthula chidutswa cha phaso n'kuchiponya pamapazi pake.

“Tagwirani, Aling Sabel. Ingogwirani basi.”

Mayiyo anachitola, ndipo chinanyenyeka m'manja mwake ngati ufa, chiswe n'kubalalika pa mkono. Anayang'ana denga, anayang'ana ana amene ankagona m'zipinda zimenezo, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati mapaso enawo alinso choncho. Papa anati onse.

Anakhala masabata atatu. Zipinda zisanu ndi ziwiri anazifolera mwatsopano. Anthu a pamdadada ankawapatsira khofi ndi buledi pamwamba pomwepo, kumawanena kuti agogo a mileme, iwo n'kumabweza kuti anthu a m'tauni amadziwa kugula maambulera koma osadziwa kukhoma msomali. Aliyense ankaseka kupatula ine. Kuntchito foni ikangolira ndinkaganiza kuti agwa padenga. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawalankhula mawu amene sindinawalankhulepo chibadwire. Ndinati ndi odzikonda, akufuna kudzafera pakhomo panga kuti abale anga azidzandiloza chala moyo wanga wonse.

Papa anapukuta chezulo pa thalauza.

“Ditas, mwana wanga, ndikakhala pansi ndimamva mtima ukugunda m'makutu umu. Ndikamakhoma sindiumva.”

Ndinawapakulira mpunga.

Mama anabwera okha kudzawatenga. Tonse tinkayembekezera mkangano, koma iwo anangoika chikwama pansi, n'kupita kukagwira makwerero mpaka amuna awo atakhoma lata lomaliza. Zimene anakambirana m'basi pobwerera sindikuzidziwa. Ndinangomva kuti makwerero abwerako kutsidya, ndipo apangana kuti Papa azikwera m'mawa mokha dzuwa lisanatenthe, Mama ali pomwepo. Kwa zaka zinayi anthu ankawaona awiriwo pamsewu, Papa akukankha njinga patsogolo, Mama akutsatira ndi ambulera ndi kabotolo ka mankhwala, akukalipa kuti aziyenda pang'onopang'ono.

Papa sanagwe padenga monga tonse tinkaopera. Anakomoka mwezi wa Meyi pamalo ogulitsira matabwa, akutsutsana ndi wogulitsa za thabwa limene iwo ankati ndi lopindika. Anatsirizika panjira yopita kuchipatala, mutu uli pamiyendo pa Mama.

Maliro anakhala panyumba sabata yathunthu podikira achemwali ochokera kunja. Tsiku lachinayi kunabwera gogo wina wa kumapeto kwa mudzi, Lola Insiang. Anayatsa kandulo, anapemphera nthawi yaitali, kenako anamukokera Manoy Pido pambali. Anati akudziwa kuti si nthawi yake, koma a Teryo anamuchotsera zitseko za mawindo kuti akazipale, ndipo nyengo ya namondwe yayandikira.

Tinazipeza kuseri kwa nyumba yathu, zopalidwa kale, chilichonse chitalembedwa nambala ndi pensulo. M'mawa mwake titaika maliro, ine ndi Manoy tinazinyamula kupita nazo kwa gogoyo. Manoy chiyambire ntchito ya muofesi anali asanagwirenso hamala. Anadzimenya chala, anapinda misomali ingapo, ine ndikumugwirira thabwa n'kumamuuza kuti wapendeketsa, iye n'kumati ngati ndikudziwa bwino ndikhome ndekha. Chitseko chimodzi chinakhala chokhota ndithu. Lola Insiang anachitseka, anachitsegula, anachitsekanso mokankha ndi phewa.

“Chikutsekeka,” anatero. “Bwerani mumwe khofi.”

Manoy anakhala n'kumwa, chala atachiviika m'kapu ya madzi. Ine ndinawapepesa kuti basi ya ku Manila inyamuka posachedwa, ndipo ndinali ndisanalongedze.