Mpata wa Mayi Esinati

Ntchito yosankha fodya anandipezera ndi amalume, pakhonde la tchalitchi, Lamulungu lina mapemphero atangotha. Ndinali nditangobwerera kwathu ku Kaluluma kuchokera ku Lilongwe, komwe bandi yathu yachitatu inali itatha monga zinathera ziwiri zoyamba. Woimba ng'oma anapita ku Joni, wa besi anatembenuka mtima n'kulowa kwaya, ampulifaya tinagulitsa. Ine ndinatsala ndi tsitsi lalitali, jekete yachikopa yosagwirizana ndi dzuwa la Kasungu, ndi gitala ya bokosi yomwe kale ndinkangopekerapo nyimbo kuchipinda. Tinkaimba roko, nyimbo zaphokoso zija za magitala olira ngati akukangana, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti Amalawi adzazikonda tsiku lina. Tsikulo linachedwa kufika.

Amalume anandikokera kwa a Nyirenda, kapitawo wa pa esiteti ina cha ku Nkhamenya. Iwo sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana zala.

"Zala zoonda chonchi sizing'amba tsamba," anatero. "Abwere mawa m'mamawa, nkhungu isanachoke. Tsitsilo amange."

Zoti nkhungu ili ndi ntchito pa fodya ndinazimva tsiku limenelo, ngakhale ndinakulira pakati pa minda yake. Fodya wa bale amauma ndi mphepo m'zigafa za udzu, atasokedwa ndi kupachikidwa pa timitengo totchedwa mikangala. Akauma, masana sagwirika. Ukangolikhudza tsamba limanyenyeka, n'kutsala ndi fumbi m'manja. Umadikira chinyezi. M'miyezi yozizira nkhungu imakwera kuchokera kudambo, n'kulowa m'chigafa mwakachetechete, masamba aja n'kufewa ngati nsalu yakale. Apo m'pomwe timatsitsa mikangala, kumasula masamba ndi kuwayala pa benchi. Timasankha poyang'ana kutalika, mtundu ndi makulidwe: ofiira paokha, achikasu paokha, obiriwira ndi obooka pambali. Ofananawo timawamanga timitolo totchedwa mapindi, pokulunga tsamba lina kumapesi. Mapindi amalowa m'bokosi la jeke loyalidwa chiguduli, anthu awiri n'kupotokola chitsulo mpaka fodya atadindika, kenako belo limasokedwa ndi chisingano chachikulu n'kukwera pa sikelo.

A Nyirenda anali ndi malamulo awiri omwe ankabwereza m'mawa uliwonse ngati pemphero. Loyamba, fodya sawazidwa madzi, chifukwa amakaola m'belo. Lachiwiri ankalinena akuloza pansi: "Kaulusi ka pulasitiki kamodzi, nthenga ya nkhuku imodzi, ku okushoni belo lonse alibweza."

Masabata oyamba ndinkagwira ntchito ngati munthu wolota. Manja ankawawa fodya moti ngakhale mbatata yootcha inkasanduka mankhwala. Koma m'mawa uja ndinkaukonda. Dziko la kuno ndi lathyathyathya, maso alibe popumira, ndipo nkhungu ikagwa zigafa zimaoneka ngati zikuyandama. Poyenda m'kanjira kopita ku esiteti ndinkamvabe m'makutu kulira kwa ampulifaya yomwe ndinagulitsa ija. Ndinali wosungulumwa, ndipo ndinkachita manyazi kuuza anthu kuti ndine woimba.

Amene anandiulula ndi a Makwinja. Iwo ndi akazi awo, mayi Esinati, anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo anali atalima pa esitetipo nyengo zambiri. Banja lililonse la matenanti linkabweretsa fodya wake m'chigafa chachikulu, ife aganyu n'kumathandiza kusankha ndi kudinda. A Makwinja anali munthu wamfupi, wa mano ochepa ndi nthabwala zambiri. Anaona zikhadabo zanga za kumanja n'kufunsa ngati ndimakanda nazo anthu. Nditawauza za gitala, ndinawonjezera mwamatama kuti yanga yeniyeni inali yoyendera magetsi. Kuyambira pomwepo dzina langa linafa. Chigafa chonse chinkanditchula kuti a Magetsi.

Anandikakamiza kuti ndiwamvetsere nyimbo yathu ina pafoni. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu ataupendeketsa, kenako anati, "Komatu mumagaya bwino. Nanga ufa wake unkapita kuti?" Anaseka mpaka kutsokomola, koma mawa lake anapempha kuti ndiwaikirenso.

M'chigafamo woyambitsa nyimbo anali iwowo. Ankakhala kumapeto kwa benchi, mayi Esinati kumapeto kwinako, pafupi ndi khomo pomwe kuwala kumalowera. Nyimbo yomwe ankaikonda inali yaifupi. Iwo ankafunsa, "Phiri lakwathu mukuliona?" Kenako pamakhala kachete, mayi Esinati n'kuyankha okha, "Nkhungu yaliphimba, tidzaliona mawa." Akatero m'pomwe ena onse ankalandira, n'kumabwereza. Manja ankatsatira nyimboyo osadziwa: pofunsa ukutola tsamba, pakachete paja ukuliyang'ana, poyankha ukuliika pa mulu wake. Anthu ambiri m'menemo anali a kum'mwera, okulira patsinde pa mapiri, ndipo ankaimba akuyang'ana panja pomwe panalibe ngakhale chulu chooneka.

Ndinayamba kubwera ndi gitala ya bokosi. A Nyirenda analola kuti ndiziimba dzuwa likakwera, pamene fodya wauma ndipo tatsala ndi kusoka mabelo. Apa m'pomwe panaonekera matenda anga. Mu bandi ya roko, woimba akangotseka pakamwa, malowo ndi a gitala. Zaka zonse zija ndinaphunzitsa zala zanga kuti kachete ndi dzenje lofunika kukwirira msanga. Ndiye a Makwinja akangofunsa za phiri, ine ndinkathamangitsa zala pa mawaya, kukwera ndi kutsika, mpaka yankho la mayi Esinati kumira.

Anandipirira kwa kanthawi. Tsiku lina anaika pindi pansi n'kunena, "A Magetsi, pamenepotu ndi pa mayi awa. Mwawakhalira pamkeka."

Mayi Esinati sanakweze n'komwe mutu. "Asiyeni, bambo. Zonena zikawathera atipatsa mpata."

Ndinayesetsa, koma zala zinali ndi nzeru zawozawo. Kachete kaja kwa iwo kanali kongokwanira kupuma kamodzi, kwa ine kankatalika ngati msewu wopita ku Mzimba. Ndinkadziletsa kawiri, kachitatu n'kugweramo. Inasanduka nthabwala ya m'chigafa, ndipo nanenso ndinkaseka nawo.

Chakumapeto kwa nyengo a Makwinja anadwala chifuwa. Anawatengera kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo sanabwereko amoyo. Zonyamula thupi mpaka ku Phalombe sizinatheke. A m'mudzi woyandikana ndi esiteti anapereka malo kumanda kwawo, ndipo tinawaika kumeneko, pansi pa mitengo ya misuku, pa dothi lachilendo. Mayi Esinati analira pa tsiku loika, kenako anangoti zii. Mwambo sunawalole kugwira ntchito kufikira tsiku lometa, choncho ankakhala m'kanyumba kawo komwe kanali kuseri kwa chigafa. Amayi owaperekera chakudya ankatuluka akupukusa mitu, akuti sakuyankhula ndi munthu.

Fodya wawo wambiri anali akadali pa mikangala. Masiku otsatira maliro kunawomba mphepo youma, nkhungu osabwera, ndipo palibe akanamukhudza. Lole yomaliza yopita ku okushoni inali itapanganidwa kale. Fodya wotsalira lole imeneyo akanangokhala m'chigafa n'kumadyedwa ndi mphepo, ndipo m'menemo munali thukuta la banjalo la chaka chonse, ndi ulendo wa mayi Esinati wobwerera kwawo.

Nkhungu inabwera m'mawa wa tsiku la lole lenilenilo. Inali yochindikala moti podutsa padambo sindinkaona mapazi anga. A Nyirenda anaimba chitsulo cha pulawo chomwe chinkapachikidwa pa mtengo, ndipo aliyense anasiya zake n'kubwera kudzasankha fodya wa malemu. Tinatsitsa mikangala, masamba ali ofewa bwino. Tinali ndi nthawi mpaka pomwe dzuwa likanaboola nkhunguyo, basi.

Koma ntchito sinkayenda. M'chigafa munali chete wolemera. Anthu ankapewa kuyang'ana kumapeto kwa benchi, ena ankagwira tsamba limodzi n'kumalitembenuza osadziwa poliika. Mayi wina wodziwa ntchito anasakaniza ofiira ndi achikasu, mulu wonse n'kuyambidwanso. A Nyirenda ankatuluka, kuyang'ana kumwamba, n'kulowanso. Kenako anaima kumbuyo kwanga.

"A Magetsi, siyani masambawo. Tengani chigitala chanu chija. Manja akugona."

Ndinawanong'oneza kuti mwina sibwino, popeza anamfedwa anali asanamete.

"Sitikuvina," anatero. "Tikumaliza ntchito ya malemu."

Ndinakhala pa belo, gitala ili pamiyendo. Nyimbo zanga za roko sizikanathandiza pamenepo. Imene manja a anthuwa ankaidziwa inali imodzi. Ndinakhudza mawaya pang'onopang'ono n'kufunsa, "Phiri lakwathu mukuliona?"

Palibe anayankha. Ndinazindikira mochedwa chifukwa chake: yankho loyamba linali la mayi Esinati, ndipo panalibe wolimba mtima kuwalanda malo iwo ali kuseri kwa khoma lomwelo. Zala zanga zinayamba kuyabwa. Zinali zitapeza kale poyambira, zikudziwa njira yonse yokwirira dzenjelo mokongola, ndipo aliyense akanandikhululukira. Ndinaika chikhatho pa mawaya n'kuwakanikiza mpaka kumva kuwawa.

Ndinafunsanso. Chete yemweyo. Ndinamva madontho a nkhungu akugwa kuchokera ku udzu wa denga, njiwa ikulira kutali, mpweya wa munthu amene anali pafupi nane. Sindinadziwe kuti m'kachete mumakhala zinthu zambiri chotero. Ndinaona a Nyirenda akusuzumira panja, pomwe nkhungu inali itayamba kuyera. Ndinachita mantha kuti ndawonjezera chisoni pa chisoni, ndipo ndinatsala pang'ono kuika gitala pansi. Ndinafunsa komaliza, chikhatho chili pomwepo, n'kudikira.

Mawu anabwera kudzera m'khoma la udzu, osasa, otsika, ngati a munthu amene wangodzuka.

"Nkhungu yaliphimba, tidzaliona mawa."

Chigafa chonse chinalandira. Sindinamvepo nyimbo ikunyamuka chonchija, popanda sipika ngakhale imodzi. Amayi ankamanga mapindi misozi ikutsika, akupukuta ndi mapewa kuti isagwere pa fodya. Ine ndinkangofunsa, n'kukhudza waya umodzi kapena awiri, n'kusiya. Nthawi iliyonse mawu aja ankabwera kuchokera kuseri, ndipo nthawi iliyonse ankakula pang'ono. Kutola, kuyang'ana, kuika. Milu inakwera, jeke inalira, chisingano chinayenda.

Dzuwa litaboola, masamba omaliza anali atayamba kuchita phokoso m'manja, koma anali ochepa. Lole inatipeza tikusoka belo lomaliza. A Nyirenda analiyendetsa dzanja pamwamba, kufunafuna kaulusi kapena nthenga mwa chizolowezi chawo, kenako anangoti, "Kwezani." Atatembenuka ndinaona kuti nawonso maso anali ofiira.

Atameta, mayi Esinati ananyamuka. Ndinawanyamulira katundu mpaka pamsewu waukulu. Tikudikira minibasi anandiyang'ana, duku lakuda lili kumutu, n'kunena, "Nyimbo ija itengeni, a Magetsi, malemu bambo aja sakuifunanso. Koma panga paja muzipasiya."

Pa esiteti sindinabwerereko nyengo yotsatira, ndipo ku roko sindinabwererenso. Ndinayamba kuyenda ndi gitala ya bokosi m'midzi ya kuno, ku Lukwa, ku Kaluluma konkuno, kumvetsera zomwe anthu amaimba popalira, potonola chimanga, pokhazika mwana chete. Nyimbo zomwe ndimapeka tsopano ndi zofunsa ndi kuyankha, ndipo ndimaziimba m'maholo, m'masukulu ndi pa maukwati. Anzanga akale amati ndinakalamba msanga. Mwina akunena zoona. Jekete ija ndinapatsa amalume, amavala popita kudimba kukazizira.

Kwa amene amandifunsa za ntchito yoimba, chomwe ndinatenga m'chigafa chija n'chimodzi: nyimbo si yako yonse, ina ndi ya amene akumvera, ndipo gawo lawolo suligwira ngakhale atachedwa nalo. Kunena n'kosavuta. Zala zanga mpaka lero zimayabwa.

Nyimbo ya phiri ndimatsekera nayo kulikonse komwe ndaitanidwa. Ku Lilongwe, wosamalira zokuzira mawu wina anathamangira ku siteji poganiza kuti maikolofoni yafa. Kumadera kumene kuli anthu a kum'mwera, yankho limabwera ndisanamalize n'komwe kufunsa. Kwina anthu saidziwa, amangondiyang'ana, ena n'kuyamba kusuntha pa mipando. Sindiwathandiza. Za mayi Esinati sindinamvenso, kaya anafika bwino, kaya akadali moyo. Ndimafunsa za phiri lija, ndimaika chikhatho pa mawaya, ndipo pawo paja ndimapasiya.