Ndege ya Bambo ndi Chala Changa cha Kumanja

Linayamba ndi ludzu. M'mwezi wa Epulo ndinkamwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo ndikangomwa sindinkachedwa kuthamangira kuseri. Lamba ndinachita kuboola bowo lina chifukwa buluku linayamba kutsika lokha. Zonsezi ndinkaziona, koma ndinkati ndi kutentha kwa malata. Ndinkakonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi msika wa pa boma la Lundazi, ndipo munthu wokhala m'kashopu ka malata tsiku lonse sasowa chonamizira.

Kwathu kwenikweni ndi ku Kasungu. Kuno ndinabwera ndili mnyamata wogulitsa zitenje panjinga, ndinakwatira NyaZimba wa kwa Magodi, basi n'kukhaliratu. Bambo anga atamwalira chaka chathachi, abale anagawana mbuzi ndi zida za ukalipentala. Ine ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kandege kamene kankalendewera kudenga la chipinda chawo kuyambira ndili mwana.

Ndegeyo bambo anaipanga limodzi ndi mphunzitsi wina wochokera kunja, pa sukulu imene ankagwirapo ukalipentala. Mapiko ake kutalika kwake ndi ngati nditatambasula mikono yonse iwiri. Mkati muli timitengo topepuka ngati phesi la chimanga, kunja pepala lopyapyala lopaka utoto wachikasu, kutsogolo kainjini kosaposa bokosi la machesi. Inalibe chowongolera chilichonse. Unkathira timadontho ta mafuta, kuliza, kuiponya m'mwamba, kenako liwiro pambuyo pake osadziwa kumene ikatere. Tsiku lina inasowa masiku atatu, n'kukapezeka m'munda wa fodya wa mudzi wina. Kuchokera pamenepo bambo anaipachika. Ndikawapempha kuti tiiulutse ankangoti sangaiponyenso chifukwa siimva munthu.

Ndiye ine, wodziwa mawaya, ndinatsimikiza mtima kuti ndiichititsa kumva. Zipangizo zinabwera pabasi kuchokera ku Lusaka: kamota ka batire kolowa m'malo mwa kainjini kaja, timakina tiwiri tokoka mchira, ndi rimoti yokhala ndi timitengo tiwiri. Kamtengo ka kumanzere ndi ka liwiro. Ka kumanja ndiye kokhotetsa, kukweza ndi kutsitsa ndege, ndipo amakayendetsa ndi chala chachikulu cha kumanja. Mchira unali utafumbwa, choncho ndinasema wina ndi nsungwi ndi chiwale. Ndinkafuna iuluke Julayi asanathe, minda ili mbee atakolola, mphepo ya Ogasiti isanayambe.

Lachiwiri la sabata yoyamba ya Juni ndinkapinda sipoko yakale ya njinga kuti ikhale waya wokankha mchira. Pulayazi inaterereka, sipoko n'kundibaya m'munsi mwa chala chachikulu cha kumanja. Kabala kake kanali kosaposa kambewu ka mapira. Ife okonza zinthu tili ndi chizolowezi chathu. Ukadzicheka umapukuta magazi, kudontheza supaguluu pabalapo, kufinya kamphindi, basi ntchito ipitirire. Ndachita zimenezi kuyambira pamene ndinaphunzira ntchitoyi, ndipo sizinandilakwirepo. Tsikulonso ndinachita chimodzimodzi.

Pofika Lachisanu chala chinali chitatupa, chikugunda ngati muli mtima wina. Bala litatseguka n'kuyamba kutuluka timadzi, ndinawonjezera guluu. Zoona, ndinawonjezera guluu, ine munthu wa imvi. NyaZimba ananena m'mawa ndi madzulo kuti tipite kuchipatala. Ndinamuyankha kuti akakandimanga bandeji yaikulu ngati chinangwa n'kundiuza kuti ndipume sabata yathunthu, ndegeyo amaliza ndani? Ndinam'kalipira ndithu, kuti za mawaya sazidziwa. Ndinagula mapiritsi a mutu pagolosale, ndikumwa awiriawiri.

Sabata yachiwiri chala chinayamba kuda kuchokera kuchikhadabo. Mayi wina wobwera kudzatenga foni yake anaphimba mphuno ndi chitenje, ine ndinachita ngati sindinaone. M'khwapa munatuluka mwanabere, ndipo kamzere kofiira kanakwera kuchokera pamkono kulunjika kuchigongono. Ndinkanjenjemera nditakhala padzuwa. Komabe ndinkati ndimalize kaye kumata pepala la phiko limodzi lotsalalo.

Tsiku la khumi ndi chinayi, Lolemba, ndinalephera kupotokola sikuluwu ya wailesi. NyaZimba anabwera ndi tiyi, n'kundiyang'ana. Anatulutsa mpando wanga panja ndi ine ndemwe, anakhoma loko, kiyi n'kumangirira pamfundo ya chitenje.

"Awiske Tiwonge," anatero, monga amandiitanira m'Chitumbuka chakwawo, potchula dzina la mwana wathu, "lero mundimenye kapena mundisiye ukwati, koma mukwera njinga iyi."

Ndinakwera. Kuchokera pashopu kufika kuchipatala ndi mtunda woti tiyi sangazizire.

Kuchipatala tinakhala pabenchi kuyambira cha m'ma naini mpaka dzuwa litafika pamutu. Anandilembera buku, kundiyeza sikelo ndi kutentha kwa thupi, kenako nesi anandibaya nsonga ya chala cha kumanzere n'kudonthezera magazi pakamakina. Atawerenga anaitana mnzake kuti naye aone. Ndiye anayamba kusenda guluu uja pang'onopang'ono, ndipo zimene zinatuluka m'menemo sindingazilembe pano.

"Atate, mwatsekela matenda mkati," anatero nesiyo m'Chinyanja cha kuno. "Mafinya anasowa potulukila."

Dokotala anandiuza kuti ndili ndi matenda a shuga, ndipo akuoneka kuti anayamba kale. Anandifunsa za ludzu, za kukodza pafupipafupi, za kuonda. Chilichonse ndinkangovomera. Anati munthu wa shuga bala lake silipola msanga, ndipo dothi la sipoko ija linapeza malo abwino. Anandigoneka tsiku lomwelo.

Moyo wa m'wodi uli ndi ndondomeko yake. M'mawa kuyeza shuga, jakisoni usanadye, mankhwala a m'diripi katatu patsiku, kutsuka bala cha m'ma teni. Zotsalazo ndi kudikira. Umadikira dokotala, umadikira zotsatira za magazi, umadikira nthawi yoti odwazika alowe. Ine ndinkadikira chinthu chimodzi, kuti bandeji ikamasulidwa ndione kuda kuja kutabwerera m'mbuyo. Thupi linazizira, kamzere ka pamkono kanazimiririka, koma chala chinangodererabe. Patatha masiku anayi ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Chipata pa ambulansi, NyaZimba atakhala pambali ndi ndowa ndi bulangeti.

Kumeneko dokotala wa maopaleshoni anatenga singano, anandiuza kuti nditsinzine, n'kuyamba kubaya. Ankafunsa ngati ndikumva. Pachikhatho ndinamva. Pachala chachikulu sindinamve kanthu, ngakhale ndinayesetsa kumvetsera ndi mtima wanga wonse. Pachala chamkombaphala ndinamva patalipatali.

"Cala ici cafa, ndipo cinzake cayamba," anatero. "Tikacedwa muzataya dzanja lonse."

Ndinam'chonderera kuti andisiyireko ngakhale theka, kachidutswa koti ndizikankhira kamtengo ka rimoti. Ndinam'fotokozera za ndege, za bambo, zonse, ngati mwana wopempha kuti asakwapulidwe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, sanaseke. Kenako anati akanatha akanasiya, koma chofa sachisiya pathupi la munthu wamoyo, ndipo ndikanabwera sabata yoyamba ija nkhani ikanathera pa kutsuka ndi mapiritsi. Pepala lovomereza ndinasaina ndi dzanja la kumanzere, dzina langa lokhotakhota.

Ndinalowa kufiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, m'mawa mwake. Anachotsa chala chachikulu chonse ndi chamkombaphala. Masiku awiri oyamba ndinkamva chala chachikulucho chikuyabwa m'bandeji, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina anasintha maganizo. Tsiku lachitatu nesi anamasula. Ndinaona zala zitatu ndi ulusi wakuda. Ndinalira, abale. Ndinalira mokweza m'wodi ya amuna, osasamala kuti akundiona ndani. Sindinalire choncho ngakhale pamaliro a bambo.

NyaZimba anakhala nane masabata asanu, akugona kumalo a odwazika, akundisambitsa ndi kundidyetsa ngati khanda. Sananenepo ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani. Ndinkalakalaka atanena, mwina ndikanapeza wokangana naye. Koma ankangopukuta pakamwa panga n'kufunsa ngati ndakhuta, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa bala.

Asananditulutse anandiphunzitsa zambiri. Kudya pang'onopang'ono koma panthawi yake, ndiwo zamasamba zambiri, tiyi wopanda shuga, kuyang'ana mapazi tsiku lililonse, osayenda wopanda nsapato. Mayi wina wophunzitsa mafizo ankandipatsa nyemba m'mbale kuti ndizitola imodziimodzi ndi zala zotsalazo. Munthu amene ndinkawotcherera timawaya tosaoneka bwino ndi maso, ndinkatuluka thukuta ndi nyemba imodzi. Tinabwerera ku Lundazi kumapeto kwa Julayi, mphepo itayamba kale kuulutsa mapepala pamsika.

Ndegeyo ndinaipeza pathebulo monga ndinaisiyira, phiko limodzi lili mafupa okhaokha. Mwezi wathunthu sindinaiyang'ane. Amene anaiyambanso ndi NyaZimba. Anati chinthu chimene chinadya zala za mwamuna wake sichikhala chosatha m'nyumba mwake. Ndiye iye ankagwira mawaya, ine ndikuwotcherera ndi kumanzere, iye ankakoka pepala, ine ndikupaka. Ntchito ya masiku atatu inatitengera mpaka Okutobala.

M'mawa wina mphepo ili zii tinapita nayo kumunda wa alamu anga m'njira ya kwa Magodi. Ndinaiika pansi, ndinayatsa. Kamota kanalira bwino kwambiri. Ndinagwira rimoti, koma dzanja la kumanja silinathe kuigwira ndi kukankha kamtengo nthawi imodzi. Ndinayesa kuitsamiritsa pamimba n'kukankha ndi chala chapakati. Mchira unkangogwedezeka mwadzidzidzi, uku ndi uku, osaima pakati. Ndinayesa mpaka dzuwa linatentha. Ndinadziwa kuti ndegeyo ndikaiponya m'mwamba, ndiibweza pansi ili zidutswazidutswa. NyaZimba anali ataigwira kale m'mwamba, akudikira kuti ndinene. Ndinam'uza kuti atsitse.

Ndege ya bambo tsopano imamva. Chilichonse chimene rimoti yanena imachita. Ndinaikonza kuti izimvera chala changa, ndipo chalacho ndiye palibe. Titabwerera tinaipachika kudenga la chipinda chathu.

Lero ndili bwino. Jakisoni ndinasiya, ndikumwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo mwezi uliwonse ndimapita kukayezetsa. Shuga watsika, thupi labwerera, bala linapola bwinobwino. Shopu ndinatsegulanso, koma mafoni ndinasiya, ndimangolandira mawailesi akuluakulu. Anthu amati ndithokoze Mulungu kuti dzanja linatsala, ndipo ndimathokozadi. Koma ndikanama ndikati mtima unapola.

Ndalemba izi makamaka kwa anzanga ogwira ntchito za manja, okonza njinga, akalipentala, osoka nsapato. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda kopanda chifukwa si malata ayi, kayezetseni shuga, ndi kadontho kamodzi ka magazi. Bala mulitsuke ndi madzi ndi sopo, musalitseke. Likatha masiku awiri likutupa kapena kugunda, khomani loko mupite kuchipatala tsiku lomwelo, ntchito muipeza. Ine ndinakana kupuma sabata imodzi. Pano m'mawa uliwonse ndimaima pakhomo la kuchipinda, NyaZimba n'kumandimanga mabatani a malaya, ine nditayang'ana kumbali.