Mapiritsi a ku Joni Anandichotsa pa Injini

Chinayamba ndi ludzu, chaka chatha nyengo ya mwera. Ine ndimayendetsa boti lonyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Usisya kupita ku Nkhata Bay, ndipo madzi akumwa amene kale ankandikwanira ulendo wonse anayamba kutha tisanafike pakati. Ndinkakodza pafupipafupi, m'mimba munkauma, mafupa a m'chiuno akuwawa. Ku chipatala chathu chaching'ono anandiyeza shuga ndi malungo, osapeza kanthu.

Mkazi wanga anauza mwana wathu amene ali ku Joni kuti bambo ake mafupa atha. Iye anatumiza botolo la mapiritsi olimbitsa mafupa. Kwathu chinthu chochokera ku Joni sitichifunsa mafunso, ndiye ndinkamwa mokhulupirika, anzanga kugombe akundisirira. Koma m'malo mochira ndinayamba kuiwala. Tsiku lina ndinapitirira gombe limene ndinayenera kutsitsa mayi wina ndi matumba ake a chinangwa. Mwini boti anandiuza mwaulemu kuti ndikapume, injini n'kupatsa wina. Zinandipweteka kuposa mafupa aja.

Mu Ogasiti a kuchipatala chathu ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Mzuzu, kumene magazi anaonetsa kuti kasiyamu, mchere womanga mafupa, wachuluka. Anandilembera tsiku lokaonana ndi namwino woona za matenda amenewa. Ndinadandaula mumtima kuti ulendo wonsewu ndaupangira dokotala, osati namwino.

Tinadikira pabenchi mpaka masana. Namwinoyo anandifunsa za ludzu, mkodzo, tulo, ngakhale zoiwalaiwala zimene ndinkachita nazo manyazi. Kenako anapempha kuona mankhwala onse amene ndimamwa. Ndinatulutsa botolo lija monyadira.

"Bambo, awa musiye lero," anatero. "Ndi kasiyamu yemweyo. Mukuthira madzi m'boti lodontha kale."

Anandifotokozera kuti m'khosi muli tiziwalo tinayi tating'ono ngati njere za mpunga, ndipo kamodzi kakakula kamakoka kasiyamu m'mafupa n'kumuthira m'magazi. Mapiritsi sanayambitse matendawo, anangowakuza. Anandiuza kuti ndizimwa madzi ambiri, nandipatsa chigubu chosungiramo mkodzo wa tsiku lonse kuti akauyeze. Ndinabwereranso kukayezetsa magazi ndi kujambulitsa khosi, ndipo dokotala wa opaleshoni atandiona anapeza kuti kachiwalo kamodzi kanalidi katakula.

Anachotsa kachiwaloko mu Novembala. Masiku oyamba zala ndi milomo zinkachita dzanzi, monga namwino anandichenjezera, koma zinatha. Ludzu linachoka, nzeru zinabwerera.

Lero ndili bwino, ndipo magazi ndimayezetsabe pa nthawi yake. Mukaona ludzu losatha, mafupa akuwawa, nzeru zikuthawa, musadikire kapena kumwa za m'botolo chifukwa zachokera kutali. Pitani msanga, ndipo mankhwala anu onse muwatenge akawaone.

Mwezi watha mayi uja anakweranso boti, ine ndili pa injini. Anandiyang'ana mokayika. Ndinamutsitsa pagombe pake asanatsegule pakamwa.