Akhwangwala andiimba mlandu, anthu aweruza

Ngati munandiona masiku apitawa ndikutsetsereka msewu wa ku doko, mutu uli pansi, m'mwamba chigulu cha akhwangwala chikundilalatira, musaganize kuti ndayamba kuweta mbalame. Ndinali pa mlandu.

Zinayambira kuseri kwa nyumba yathu. Mayi a kunyumba, NyaMhone, anapeza khwangwala atafa pafupi ndi thandala la mbale. Chimene chinamupha sindikuchidziwa, kaya ndi waya wa magetsi, kaya anadya khoswe wa poizoni. Anandiuza kuti ndikamutaye nkhuku zisanayambe kumujompha. Ine, poti ndine mwamuna womvera, ndinamugwira mwendo n'kudutsa naye bwalo lonse ali lendelende, ulendo wa kudzala.

Mumtengo wa mango munali anzake. Anandiona.

Ndisanafike n'kudzala komwe, mtengo unali utadzaza. Onse ovala zakuda, kolala yoyera m'khosi, ngati abusa pa msonkhano waukulu wa mpingo, ndipo wochimwa wa tsikulo ndinali ine ndekha. Ndinawavulira chipewa, n'kuwapepesa pa zovutazo. Ndinkayesa zathera pomwepo.

Mwina simukudziwa, chipumireni pa ntchito ndatsala ndi udindo umodzi wokha pa dziko lino. M'mawa uliwonse ndimanyamulira NyaMhone ndowa ya futali wa chinangwa kupita nayo ku doko, kumene amagulitsa kwa anyamata onyamula katundu ndi amayi odikira nsomba. Tsono m'mawa mwake titangofika, akhwangwala a kumeneko, amene amakhalira kulimbirana matumbo a nsomba, anasiya chakudya chawo n'kudzazungulira pamutu panga. Khwaa, khwaa, khwaa. Akhwangwalawo NyaMhone sanamuyang'ane n'komwe. Ankafuna ine.

Ambiri a iwowa kunyumba kwanga kunalibe. Mtembo sanauone. Nanga anauzidwa ndi yani?

Apa ndiye mutu wanga unayamba kuyabwa. Sukulu ndinalekezera Folomu 2, ndipo zotsalazo ndaphunzira m'mabuku amene alendo amaiwala m'malo ogona a ku Chikale. Ambiri amandipeza atathothoka masamba oyamba ndi omaliza, choncho ndimadziwa pakati pa zinthu zambiri, koma chiyambi ndi mathero ndimangoganizira. M'buku lina lotero ndinawerengamo za abale a akhwangwala athuwa a maiko akutali. Akuti mbalamezi zikaona munthu atagwira mnzawo wakufa, zimasunga nkhope yake. Sizisunga zokha ayi. Zimamukuwiza paliponse pamene zamuona, ndipo zina zikamva kukuwako zimabwera, zimayang'ana amene akukuwidwayo, nazonso n'kumusunga. Ngakhale anapiye amene anali asanaswedwe pa tsiku la mlandu amakula akudana naye munthuyo.

Ndinaganiza kuti mwina akuzindikira chipewa. Ndinachisiya kunyumba. Anazindikira dazi, ndipo ndikukhulupirira kuti kuchokera m'mwamba limaoneka bwino kuposa chipewa.

Mpaka apa nkhaniyi inali yoseketsa. Inasiya kuseketsa pamene inatsika mumtengo n'kulowa mumsika.

Pakhomo la msika pamakhala NyaKaunda, wogulitsa tomato, mayi wa mawu omveka mpaka tsidya la doko ngakhale akunong'ona. Ndinamva kuti iye sananene kanthu koipa. Anangoti iye sakunena kanthu, koma mbalame sizilondola munthu popanda chifukwa. Basi. Kumeneko ndiko kusanena kanthu kwa kwathu kuno.

Tsiku lotsatira anyamata a katundu anadutsa pa ndowa ya NyaMhone ngati ali ndi changu chachikulu, chonsecho padoko panalibe ngakhale bwato loti atsitse. Amayi amene akhala akudya futali ameneyu zaka zonsezi mwadzidzidzi anali atadya kale kunyumba. Ndowa inapita yodzaza, inabwera yodzaza, ndipo wonyamula ndinali ine, kukwera nayo chitunda cha kwathu. Tinadya futali m'mawa, masana ndi madzulo. Ngakhale nkhuku zinayamba kutiyang'ana ndi diso lofunsa.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinati ndikonze zinthu. Ada Chirwa, mkulu wa mpingo, anandipatsa moni wa patali, manja ali kumbuyo, n'kufunsa mwaulemu kuti zikuyenda bwanji ndi alendo anga a m'mwamba. Anthu anayandikira. Munthu wowerenga mabuku opanda chiyambi akaona gulu lotere, mtima umagunda ngati walandira kalasi.

Ndinayamba ndi nkhuku, poti aliyense ali nazo. Ndinati tamvetserani thadzi la anapiye: likaona kabawi m'mwamba limalira mwina, anapiye n'kubisala, koma likaona galu kapena njoka pansi limalira mwinanso. Ndinati mbalame zokhala m'magulu zili ndi malilidwe ambiri chifukwa zili ndi zambiri zouzana, monga kumene kuli chakudya, amene ali mdani, ndi amene walowerera malo a eni. Sizinayambe dzulo. Kuyambira kalekale, mbalame imene inkamvera mnzake akakuwa inkapulumuka n'kusiya ana omvera ngati iyo, pamene imene inkati idikire umboni inkathera m'mimba mwa kabawi. Ndinamaliza ndi kunena kuti akhwangwalawa akungouzana kuti mdala wa dazi uyu anagwira mnzathu, chenjerani naye.

Panali zii. Ndinkayesa ndi ulemu wa ophunzira.

Ada Chirwa anakhosomola pang'ono. "Ndiye kuti, Ada Longwe, inu mumamva zimene zimayankhula mbalamezi?"

"Pang'onopang'ono, ada," ndinatero ine, chifuwa chili patsogolo.

NyaMhone ananditsina m'nthiti mpaka ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Koma mawu anali atatuluka kale. Ndinaona mayi wina akukokera mwana wake kumbuyo kwa chitenje.

Apa ndileke kaye nthabwala. Pali liwu limene palibe analitchula pa bwalo la tchalitchi lija, koma tonse tinalimva. Munthu wa imvi, wolondoledwa ndi mbalame zakuda, wovomera yekha kuti amamva chinenero chawo, kwathu kuno amatchedwa mfiti. Ndipo inu ndi ine tikudziwa chimene chimatsatira dzinalo likamata. Limayamba ndi ndowa yobwerera yodzaza. Kenako mwana wa mnansi akatentha thupi, anthu amakumbukira kuti dzulo unamupatsa bango. Mathero ake timawamva pa wailesi, n'kumapukusa mitu ngati ochita zimenezo ndi anthu a dziko lina.

Titafika kunyumba NyaMhone sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pakhonde n'kundiuza modekha kuti iye wagulitsa chakudya pa doko lija kuyambira ana athu ali kumsana, ndipo palibe amene anadwalapo m'mimba, koma ine ndakwanitsa kugwetsa zonsezo ndi ulaliki umodzi wa nkhuku.

"Mabuku anuwa adzakuphetsani, ada. Kuyambira lero pakamwa tsekani, ntchito yanu ndi ndowa."

Ndinatseka. Koma mutu sutsekeka, ndiye poyenda ndi ndowa ija ndinkasinkhasinkha.

Khwangwala akakhulupirira mphekesera, amataya chiyani? Akakuwiza munthu wosalakwa, wataya kamphindi kochepa ndi matumbo a nsomba amene mnzake wamulanda. Akakayikira chenjezo loona, wataya moyo. Choncho kwa iye kukhulupirira msanga ndi nzeru, ndipo sindingamudzudzule. Chinanso, khwangwala akatha kukuwa amabwerera ku matumbo ake. Satola mwala. Sayatsa nyumba. Ine wokuwidwa ndimapita kwathu ndi dazi langa lathunthu, kupatula tsiku limodzi pamene mmodzi anandisiyira chizindikiro choyera paphewa la jekete.

Ife tinatengera khutu la khwangwala, koma tili ndi manja. Vuto lili pamenepo.

Taonani mmene timachitira. Wina akakuwa kuti wakuba pa msika, ndani amayamba wafunsa kuti waba chiyani? Timathamanga kaye, kufunsa timafunsa munthu ali kale pansi. Masiku ano tili ndi mtengo wa mango watsopano, uja wa m'mafoni, mmene aliyense amatera pa nthambi yake n'kubwereza zimene wamva, n'kuwonjezera kuti tumizani kwa ena. Mukamufunsa kuti waona ndi maso, amati ayi, koma anthu akunena. Anthu ake ati? Omwe aja amene nawonso akuti anthu akunena. Ndipo ana athu, ngati anapiye aja, amakula akudziwa khomo limene sayenera kupemphapo madzi, osadziwa kuti mwini khomolo analakwa chiyani, kapena ngati analakwa n'komwe.

Tsiku lofika sitima ya panyanja, NyaMhone anadzuka n'kuphika futali wochuluka kuposa masiku onse. Ndinaiwala lamulo n'kufunsa ngati wapenga, poti wa dzana tinali tisanamalize. Anandiyankha kuti anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu sanamumve NyaKaunda. Anawonjeza kuti lero sindingotula ndowa n'kuthawa ayi, ndikhala pambali pake pa benchi, aliyense andione, pamodzi ndi abusa anga a m'mwamba.

Ndinakhala. Abusa nawo anafika pa nthawi yake.

Sitima itakocheza, anthu anatsika ndi matumba a nsomba zouma, ana kumsana, nkhope zotuwa ndi njala ya panyanja. Munthu amene wagwedezeka ndi mafunde ulendo wonse safunsa mbiri ya mwamuna wa wophika. Anaunjikana pa ndowa. Bambo wina wa ku Likoma, pakamwa pali todzaza, anayang'ana kumwamba n'kufunsa kuti mbalamezi zalusiranji chonchi.

Ndinatsegula pakamwa. Chigongono cha NyaMhone chinafika msanga.

"Zikufuna futali waulere, ada," anatero NyaMhone, akumuwonjezera bamboyo chipande.

Bamboyo anaseka, n'kudya, n'kupempha wina.

Anyamata a katundu ankaonerera zonsezi ali chapatali. Amene anaonapo khwangwala akuyandikira chakudya chokayikitsa akudziwa mmene zimakhalira: amabwera chammbali, diso limodzi pa chakudya, lina pa njira yothawira, kudikira kuti wina ayambe. Anaona kuti a ku Likoma adya, anyamula matumba awo, ndipo palibe wagwa. Mmodzi anasendera chammbali momwemo, n'kupempha mbale osandiyang'ana. Anzake anatsatira. Pofika masana ndowa inali mbee, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku amenewa ndinakwera chitunda ndi katundu wopepuka.

NyaKaunda anabwera m'mawa mwake. Anauza aliyense amene anali pafupi, ndi ena amene anali tsidya la doko, kuti iye paja ananena kale kuti ndi mbalame chabe, anthu a m'tauni muno ndi okonda zonena. Anadya, n'kudandaula kuti mchere wachepa. NyaMhone anangothokoza kuti yewo, ama, n'kumupatsira mchere.

Ndiye ife tapulumuka. Sanatipulumutse mabuku anga, amene anangotsala pang'ono kutimaliza. Sanatipulumutsenso anansi amene takhala nawo moyo wonse, amene tinalira nawo maliro awo n'kuvina nawo maukwati awo. Atipulumutsa ndi alendo anjala amene sanamve nkhani, ndiponso mwayi woti timakhala pamene sitima imakocheza.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti si aliyense ali ndi doko. Kumtunda uko, kuseri kwa mapiri, kuli agogo ena amene kadzidzi anatera pa denga lawo, kapena amene anangokalamba kuposa anzawo onse. Kumeneko sikufika sitima yodzaza ndi anthu osamva mphekesera. Onse amene angadye chakudya chawo anamva kale. Ndani adzayambe kutenga mbale?

Akhwangwala sanandikhululukire mpaka lero. M'mawa uno mmodzi anatera pa thandala n'kunditukwana ndikutsuka m'kamwa, ndipo ndinamuvulira chipewa. Ameneyo ndimamulemekeza, chifukwa pa onse amene anandiweruza sabata ino, a mtundu wake okha ndiwo anandiona ndi mtembo m'manja.

Nanga inu, amene munali mutadya kale kunyumba, munandiona ndi chiyani?