Tsiku limene ndinakana kutsegula geti

Ndagwira ntchito yoyang'anira akaidi zaka zoposa makumi awiri, kuchigawo cha azimayi, ndipo ana anga atatu onse akulira m'nyumba za ogwira ntchito kundende ku Mukobeko. Awiri oyambawo sanandifunsepo kanthu za ntchitoyi. Iwo bola adye, avale. Wondisautsa ndi chitsirizira, mtsikana amene anatengera pakamwa pa bambo anga. Iwowo anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito mumgodi kuno ku Kabwe, ndipo anakangana ndi akapitawo mpaka tsiku lopuma pantchito.

Mtsikanayu ali giredi leveni, kusukulu kwawo ku Bwacha anawapatsa buku loti awerenge. Inali nthano ya dziko la m'tsogolo, mzinda wozunguliridwa ndi mpanda, mmene anthu amawerengedwa m'mawa ndi madzulo ngati mbuzi ndipo palibe wololedwa kutuluka. Chakumapeto, mtsikana wina amafika pageti atabereka mng'ono wake wodwala, n'kupempha mlonda wamkazi kuti amutsegulire. Mlondayo amakana.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinangoona mwana wasintha. Ndikalowa m'nyumba ndi yunifolomu, ankandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, n'kubwerera m'buku lake. Ndili ndi chizolowezi chowerenga anthu a m'nyumba ndisanakhome chitseko madzulo. Sindichita kufuna, milomo imangoyenda yokha. Tsiku lina ndili mkati mowerenga, iye anati, "Mami, ise sitili ma prisoner yanu."

Mawuwo anandilasa. Akaidi anandinenapo zambiri, zina zosabwerezeka, koma ndinkapita kunyumba n'kudya bwinobwino. Apa ndinachita mantha enieni, kuti mwana amene ndinamubereka ndekha wayamba kundiona ngati chilombo chifukwa cha buku la munthu woti sanafikepo n'komwe ku Kabwe.

Lamlungu titachoka ku Misa, iye atapita kukwaya, ndinalitenga bukulo n'kukhala nalo pansi pa mtengo wa mango. Ndinaliwerenga masiku anayi, ndipo ndivomere kuti linandikwiyitsa kuyambira tsamba loyamba. Alonda a mmenemo anali mbuli za ntchito. Makiyi onse kusunga munthu mmodzi. Kuwerenga anthu kopanda mnzako wotsimikizira. Wina akuweruka osasiyira mnzake mawu alionse. Ndipo mlonda wa pagetiyo anaima n'kumacheza ndi wopemphayo masamba atatu athunthu, maso atachotsa pampanda. Ndinatenga pepala n'kulemba zolakwa zisanu ndi ziwiri, ndi manambala a masamba omwe. Mumtima ndinkati mwana akapita nazo zimenezi kusukulu, aphunzitsi adzadziwa kuti wolemba wawoyo ndi wongomva zakumva.

Nditamupatsa, mwana wanga anawerenga pepalalo ataimirira, n'kundibwezera ndi manja awiri, mwaulemu wopweteka.

"So imwe Mami, mu buku yonse iyi, mwaonamo chabe kuti ma guard sanali kusebenza bwino?"

Ndinalalata. Ndinamuuza kuti sukulu yamukwera kumutu, kuti iye sanaimepo pakati pa azimayi awiri ofuna kuphana, ndi zinanso zimene sindikufuna kuzilemba pano. Iye anangonyamula ndowa n'kupita kumpopi, ndipo kwa mlungu wathunthu tinkalankhulana za mchere ndi makala basi.

Kenako kunabwera kalata. Aphunzitsi a Chingelezi ankaitana makolo Lachisanu masana kuti adzamve maganizo a ana pa bukulo. Popereka kalatayo mwana wanga anati, "Ngati muzabwela, muvale chitenje, please."

Lachisanulo ndinaweruka nthawi yabwino, ndipo mpata wosintha zovala unalipo. Chitenjecho ndinachitulutsa ndithu. Ndinaima nacho m'manja, kenako n'kuchibwezera m'kabati. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinapukuta nsapato zanga mpaka kuwala, n'kukwera minibasi ya ku Bwacha mmene ndinalili.

Makolo tinalipo ochepa, ndipo anatikhazika pamabenchi akumbuyo. Mwana wanga atandiona anaweramitsa mutu. Aphunzitsi, bambo wamfupi wa ndevu zaimvi, analamula kuti zonse zikhale m'Chingelezi, koma lamulolo silinakhalitse. Ana atatenthedwa, Chibemba ndi Chinyanja zinalowa zokha, iwo n'kungozisiya.

Ndinapita nditakonzeka kukwiya, koma anawo anandigonjetsa. Mtsikana wina anati sakumvetsa chimene anthu a mumzindamo ankadandaula, poti magetsi sanazimepo buku lonse. Tinaseka mpaka aphunzitsi kupukuta misozi. Mnzake anamutsutsa, nati ngakhale nkhuku ya m'khola imagona powala. Wina anati wolembayo sadziwa azimayi, chifukwa mzinda wonsewo sungakhale wopanda mayi mmodzi wogulitsa tomato mozemba pampanda. Wina anati bukulo ndi labodza poti mulibe maliro, mulibe tchalitchi, mulibe amalume. Ana a anthu a pamsika ndi a panjanji, kumutsutsa wolemba mabuku wakunja ngati mnzawo wa pabwalo la mpira. Ndinakhala mowongoka, kunyadira ana oti si anga.

Kenako aphunzitsi anafunsa kuti, "Mukanakhala inu mlonda wa pageti uja, ndani akanatsegula?"

Manja onse anakwera, ena awiriawiri. La mwana wanga linatsala padesiki. Ndinaganiza kuti manyazi a yunifolomu yanga amufoola mpaka mkono.

Apo mnyamata wina wamtali, wooneka kuti ndiye shasha wa kalasi, anatembenukira kumbuyo. "Ba ticha, tili na expert muno. Tiyeni tifunse ba mayo aja. Imwe ba mayo, sembe munatsegula?"

Aphunzitsi anayesa kumuletsa, koma ine ndinali nditaimirira kale. Bodza linali pafupi kwambiri. Ndikanangoti inde, ana akanawomba m'manja, mwana wanga akanadzutsa mutu. Koma ndakhala ndikuuza akaidi zaka zonsezi kuti ndikati inde ndi inde, ndikati ayi ndi ayi, ndipo n'chifukwa chake amandimvera.

Ndinati, "Ayi, mwanawe. Sindikanatsegula. Ndikanaitana wamkulu wanga, ndikanathamangira namwino, ndikanachonderera mpaka mawu kutha. Koma geti sindikanatsegula."

Mayi amene ndinakhala naye benchi limodzi anasendeza chikwama chake. Ndinakhala pansi ndikudziwa kuti mwana ndamutaya pamaso pa anzake onse, ndipo ndamutaya ndekha.

Ndinamva mpando ukukhwekhwerezeka. Anali mwana wanga, ataimirira.

"Aja ni ba mami banga," anatero. Ena anatembenuka kundiyang'ananso. "Na ine sininaimike kwanja, chifukwa niziba kuti sembe sininatsegule. Ine ndine monita. Ba ticha bakachoka, nimalemba maina ya bochita chongo. Last week ninalemba best friend wanga, ninaziba kuti anali kufunsa chabe pensulo, but ninaopa kuti bazakamba ati nili na favour. Iwe," analoza mnyamata wamtali uja, "ndiwe prefect wa pa gate. Wabweza bangati bochedwa, bamene uziba kuti bayenda na mendo kuchoka ku Natuseko? Unatsegulilapo ndani?"



"Buku iyi tonse taiwerenga monga ndise mtsikana uja," anapitiriza. "Palibe afuna kunkala guard. But muno mu class ma guard ndise bambili. Bamene bakamba zoona lelo ni ba mami chabe."

Palibe anawomba m'manja, ndipo ine ndinaona kuti n'zoyenera. Aphunzitsi anakhala pakona ya tebulo akusisita ndevu kwa kanthawi, kenako anati aphunzitsa bukuli zaka zingapo koma funso limenelo anali asanadzifunsepo. Mkangano unabukanso, woopsa kuposa poyamba, ma prefect akudziteteza, anzawo akuwakumbutsa milandu yakale. Belu litalira palibe anatuluka.

Tinayenda limodzi kupita pokwerera minibasi, fumbi likudetsa nsapato zanga. Ine ndinali nditakonza kale mawu oti nkhani yatha, ndamukhululukira. Ndisanayambe, iye anati, "Koma Mami, munali kufunika kutsegula. Mwana uja anali kudwala."

Ndinaima. "Si iwe wanena pamaso pa anthu kuti nawenso sukanatsegula?"

"Ee. Tonse tibili sembe tinalakwa. But ine nikali na nthawi yophunzila."

Mkaidi atandiyankha chotero, kapena msilikali wamng'ono kuntchito, angadziwe tsiku limenelo kuti ine ndine ndani. Ndinamuyang'ana mwanayo, sokosi imodzi itagwa, inki pachala, maso ali gwa pa ine osaphethira. Anali atandiweruza pamsewu, dzuwa likuswa mtengo, n'kundipeza wolakwa, ndipo pomwepo anali atandivomera pamaso pa kalasi yonse kuti ndine mayi ake. Sindinanyadirepo munthu mmene ndinamunyadira iye masana amenewo. Ndinamuuza kuti akweze sokosiyo, chifukwa mawu ena akanatuluka ndi misozi, ndipo ine ndinali mu yunifolomu.