Vidiyo ya Pakhonde

Ndinagwirako ntchito yolera mwana ku Dubai Sports City, pabanja la Amalawi anzathu. Bambo ankagwira ntchito pahotela ina ku Al Barsha, mayi anali namwino. Mwana anali mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, wolongolola ngati wailesi. Chichewa ankachilankhula ndithu, koma chothira Chingerezi ndi timawu ta Chiarabu totola kusukulu.

Chaka china mayi anadwala, napita ku Blantyre kukapuma kwa makolo awo. Anamwalira komweko. Bambo ananyamuka tsiku lomwelo, nandisiyira lamulo limodzi: mwana asauzidwe kanthu mpaka iwo atabwera. Kwathu ndi mmene timachitira, mwana timangomuuza kuti amayi ali pa ulendo. Sindinatsutse, wantchito salimbana ndi mwini maliro. Koma ndinkamudziwa mwanayo kuti si wopusitsika.

Tinatsala awiri mufulati, kunja kukutentha kosati n'kutuluka. Iye ankaonera makatuni a ku Japan, amene ankawatcha anime. Ine ndinkangoti zidole, dala, kuti akwiye. Nkhani yake inali ya mnyamata wophunzira lupanga, ndipo mphunzitsi wake wokalamba anali ataphedwa ine ndikuona ndi maso angawa. Ndiye tsiku lina ndikusita zovala, ndinangoona nkhalamba ija ili moyo, ikudya mpunga pachilumba china n'kumathamangitsa akuba.

"Kodi agogowa adzuka?" ndinafunsa.

"Ayi anti, iyi ndi fila."

Anandifotokozera moleza mtima, monga amachitira ndi munthu wosapita kusukulu. Nkhaniyo imachokera m'mabuku. Opanga makatuni akathamanga n'kumupeza wolembayo asanamalize, amapeka kankhani kapambali kongodzazira mpata. Anati ngakhale mayina amaulula. Mkulu wa akubawo dzina lake m'Chijapani linkatanthauza mpiru, mng'ono wake anyezi, wonyamula katundu wawo biringanya.

"Akamatcha anthu mayina a ndiwo, dziwani kuti sakhalitsa," anatero. "Komanso onani tsaya la mnyamatayo, chipsera palibe. Lupanga lake silinathyoke. Ndiye zimenezi zinachitika aphunzitsi asanafe. Khalasi, nkhani yatha."

Ndinapitiriza kusita. Zinkandisangalatsa kuti pali chomutangwanitsa.

Koma mafunso anayamba. Bwanji amayi sakuyankha foni? Bwanji adadi ananyamula suti yakuda? Ine ndinkati netiweki ya kwathu mukuidziwa kale. Bodzalo litayamba kutha mphamvu, ndinawadandaulira bambo pafoni. Madzulo ake anatumiza vidiyo. Mayi anali atakhala pakhonde kwa makolo awo, akubayibitsa, akuti usamavute anti, uzidya. Ndinamupatsa mwana foni, ine n'kukaima kukhitchini ngati ndili ndi chochita.

Anaonera kawiri. Kenaka anabwera, naika foni pambali pa sinki.

"Anti, mtengo uli kumbuyo kwawowo uli ndi mango akupsa."

"Eya."

"Mango amapsa pa Khirisimasi. Ino ndi Juni, agogo a ku Blantyre amati kukuzizira. Amayi sanavale juzi. Ndipo ndi onenepa, pomwe kuno anachoka ataonda."

Ndinachita mantha, komanso manyazi. Munthu wamkulu ndinali nditagwira siponji, ndikutsuka kapu yotsuka kale.

"Musandiuze zambiri," anatero. "Adadi anakuletsani, ndikudziwa. Mungondiuza tsiku."

Ndinayang'ana foni ija, ndinayang'ana mwana. Ntchito ndinkaifuna, koma bodza lina ndinalibe.

"Lachiwiri," ndinatero.

Anawerengera m'mutu. "Lachiwiri ndinali kosambira. Ndinapambana mpikisano."

Analira pambuyo pake, nthawi yaitali, nkhope ataibisa m'chitenje changa. Ine ndinkangomusisita pamsana. Atatonthola anapukuta mamina ndi dzanja, nandiuza kuti ndisawauze adadi ake kuti wadziwa, chifukwa ayenera kuti anavutika kuifufuza vidiyoyo.

Sindinawauze. Bambo anabwera sabata yotsatira, ataonda, atameta mpala. Anamukhazika mwana pampando, nagwada patsogolo pake, n'kuyamba kuzungulira ndi mawu, za ulendo, za Mulungu amene amapereka ndi kutenga. Anatenga nthawi, mawu akuwathawa. Mwanayo anakhala phee, manja ali pamaondo, osawadula pakamwa, mpaka bambowo anafika okha pa nkhani imene ankaizungulira.